Mudzi Wotchedwa Kulibe

Anabwera Lachiwiri m'mawa, sabata yachiwiri ya mwezi wa Malichi, patatha zaka ziwiri ndi theka chiyambireni nkhondo ya Azungu. Ndinali pa bolodi, ana akubwereza a, e, i, o, u, pamene ndinaona kuti pakhomo pada. Anali amesenjala awiri a ku boma, zisoti zofiira kumutu. Sanaodire. Wamkuluyo anayang'ana kapepala kamene anali nako, kenako n'kuyang'ana ine.

"Ndinu mphunzitsi uja anayenda ndi mzungu wa mapu?"

Ndinavomera.

"Tiyeni. Akukufunani ku boma."

Ndinafunsa kuti ndalakwanji. Iye anati, "Mukafunse buku." Ndinayesa nthabwala, mpaka ndinamwetulira. Iye sanamwetulire, ndipo mnzakeyo anali atayamba kale kumasula chingwe m'chiuno.

Sukulu yanga inali ya mishoni, m'mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga pafupi ndi mtsinje wa Katete, kumene ndinali pachikamwini. Mkazi wangayo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mwana wathu woyamba. Ana asukulu ndiwo anathamanga kukamuuza kumunda. Anatipeza tatuluka kale m'mudzi, akupumira m'mwamba, n'kundimangira chimanga chowotcha pa kansalu. Ndinamuuza kuti ndibwera Lamulungu lisanafike. Ndinkakhulupiriradi zimenezo, chifukwa mumtima mwanga munalibe mlandu.

Kuti mumve chimene anandimangira, ndiyambe ndi zimene zinachitika zaka zisanu m'mbuyo mwake.

Chaka chimenecho, m'chilimwe, kunabwera mzungu wa boma amene ankalemba buku lofotokoza dziko lathu lino: mitsinje, mapiri, midzi, njira ndi mbewu zimene timalima. Amishoni anandipereka kwa iye kuti ndizimumasulira, popeza ndinkadziwa Chingerezi pang'ono. Mzunguyo anandiuza kuti bukulo likasindikizidwa kutsidya kwa nyanja, aliyense wofuna kudziwa za kuno azidzangolitsegula, ndipo kumapeto kwake adzalemba anthu amene anamuuza zinthuzo. Anati, "Nawenso udzakhalamo." Sindibisa, ndinanyada. Ndinkayenda kumbuyo kwa machila ake mapewa ali m'mwamba ngati tambala wa m'mudzi wopanda tambala wina.

Tinayenda miyezi itatu. Tinadutsa ku Sinda, tinabwerera cha ku Mkaika, kenako tinaloza kum'mawa mpaka ku Vubwi, kumalire ndi dziko la Apwitikizi. Mzunguyo sanali munthu wankhanza. Vuto lake linali lakuti anali ataphunzira mawu angapo a chinenero chathu, ndipo ankawakonda kwambiri. Tsiku lina ndinamuwongolera mawu pamaso pa onyamula katundu, iwo n'kuseka. Anafiira mpaka m'makutu, n'kundiuza kuti ndiziyankhula pokhapokha wandifunsa. Tsiku lonselo ndinayenda kumbuyo kwenikweni, limodzi ndi mbuzi.

Patapita masiku awiri tinafika patsinde pa kaphiri kena. Pamenepo tinapeza bambo wina akutsika mumtengo, atapachika mng'oma wa njuchi. Mzungu anandikwezera dzanja kuti ndikhale chete, afunsa yekha. Analoza kuseri kwa kaphiriko.

"Mudzi uko. Dzina?"

Bamboyo anayang'ana kumene ankalozako, n'kunena kuti, "Kulibe."

"Kulibe?"

"Inde bwana, kulibe."

Mzungu analemba m'kabuku kake ka m'thumba. Kenako anafuna kudziwa ngati mudziwo uli ndi anthu ambiri, ndiye anasanja mawu ake mmene anathera.

"Kulibe, anthu ambiri?"

Bambo wa njuchiyo anamva monga mmene aliyense wa ife akanamvera, kuti kulibe anthu ambiri. Popeza zinali zoona, anawomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Inde, bwana."

Ndinali chiimire pambali pake, ndipo ndinaona pensulo ikulemba kuti Kulibe, mudzi waukulu. Pakamwa panga panatseguka, n'kutsekekanso. Ndinakumbukira mbuzi zija. Ndinati mumtima, kamawu kamodzi papepala kangapweteke ndani? Titaima kuti tipume ndinawafotokozera onyamula katundu aja, ndipo tinaseka mpaka misozi. Ine ndi amene ndinaseka kwambiri. Pa zonse zimene ndikulemba pano, kuseka kumeneko ndiko kumandichititsa manyazi.

Ulendo wa ku boma unatitengera masiku atatu. Panjira ndi pamene mesenjala wamkuluyo anandiuza chifukwa chake anali ndi mkwiyo chotero. Nkhondo inkafuna amuna a mtengatenga, onyamula katundu wa asilikali, ndipo mudzi uliwonse wolembedwa m'buku unayenera kupereka ake. Iye anatumidwa kawiri ku Kulibe. Kawiri konse anabwerako chimanjamanja n'kukanena kuti kulibe mudzi. Ulendo wachiwiriwo anamuchotsa mzere wa udindo wa pamkono pamaso pa anzake, ati wadya chiphuphu.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikugwira ntchito," anatero. "Mzere wanga wapita chifukwa cha mudzi wanuwo. Mukaupereke."

Tinafika Lachinayi madzulo, ndipo Lachisanu m'mawa anandilowetsa mu ofesi. Mzungu wa mapu uja kunalibe, anali atapita kunkhondo. Pampando panali wina, wamkulu thupi, wooneka wotopa. Patsogolo pake panali buku lonenepa lachikuto chobiriwira. Aka kanali koyamba kuliona. Pambali pake panaima kalaliki womasulira, munthu wa ku Nyasalande wovala kolala yoyera.

Mzunguyo anatsegula kumapeto kwa buku, n'kuika chala pa mzere wina. Ndinawerenga chozondoka. Panalembedwa kuti za midzi ya kumalire zinatsimikizidwa ndi mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ya kumtsinje wa Katete. Ndinali ine. Mzungu uja anasungadi lonjezo lake.

"Mudzi wa Kulibe uli kuti?" anafunsa kudzera mwa kalaliki.

"Kulibe, bwana."

Mawu amenewo anawamva yekha, sanadikire omasulira. Anayesa kuti ndikumubwezera funso lake mwachipongwe, ndipo anamenya tebulo. Ndinafulumira kufotokoza za kaphiri, za bambo wa njuchi, za inde wathu amene amavomera ngakhale chinthu kulibe. Ndinaona kalaliki akuluma mlomo. Anamvetsa nthawi yomweyo, ndipo mwina kwina akanaseka. Anamasulira zonse bwinobwino, n'kuwonjezapo kuti m'chinenero chathu mawuwo amatanthauzadi zimenezo.

Mzungu anabwerera ku buku lija. Anatsegula tsamba loyamba, pamene panalembedwa kuti mlembi wa bukulo ankadziwa bwino chinenero cha anthu ake. Kenako anatulutsa mapu aakulu ochokera ku likulu, ndipo Kulibe analipo, kadontho kakuda pafupi ndi malire. Anatulutsanso kabuku kena ka asilikali konena za njira ndi madzi, ndipo namonso munali Kulibe, mudzi waukulu.

"Mboni zitatu zikuvomerezana," anatero. "Iwe wekha ndiye ukukana. Ndikhulupirire ndani?"

Ndinati, "Bwana, mboni zitatuzo ndi mboni imodzi. Onsewo anakopera m'kabuku kamodzi ka m'thumba, ndipo ine ndinaona pensulo yake ikulemba."

"Ngati unaona akulemba zabodza, bwanji sunanene?"

Anadziyankha yekha. Iye anati yankho ndi lapafupi: sindinanene chifukwa sizinali zabodza. Mudziwo unalipo, ine ndinawachenjeza anthuwo za mtengatenga, ndipo tsopano ndikuwabisa. Anati ndikhala m'ndende mpaka nditanena kumene ali.

Masana a tsiku lomwelo anandigoneka pabwalo. Sindilemba zambiri za chikoti. Kwa masabata awiri ndinkagona chafufumimba.

Ndende inali nyumba yanjerwa yokhala ndi kazenera kamodzi m'mwamba. Ntchito yathu inali kutchetcha udzu, kutunga madzi ndi kukataya ndowa za chimbudzi m'mawa. Nkhani yanga inafalikira tsiku loyamba lomwe, ndipo akaidi anzanga anandipatsa dzina lakuti mfumu ya ku Kulibe. Msilikali wotsegula chitseko ankandipatsa moni umodzimodzi tsiku lililonse: "Aphunzitsi, mudzi wanu wapezeka lero?" Sankanena mwankhanza. Onsewo ankadziwa kuti ndikunena zoona, kuyambira kalaliki mpaka wophika. Chimenechi ndicho chinkandifoola kwambiri. Pa boma ponsepo munthu mmodzi yekha ndiye sankamva mawuwo, ndipo makiyi anali kwa iyeyo.

Lolemba lililonse ankandiitana n'kundifunsa funso lomwe lija, ine n'kuyankha yankho lomwe lija. Ndinayesa kulinena m'njira zina. Ndinati palibe, ndinati sunakhaleko, ndinati ndi tchire lokhalokha. Ndinapempha kuti alembere kalata mzungu wa mapu, koma anati adafa ndi malungo kunkhondo. Ndinapempha kuti afunse amishoni. Mbusa analembadi kalata yonena kuti ndine munthu wa khalidwe, koma za mudziwo anati sangachitire umboni, popeza sanafikeko, ndipo mapu awo a pamishoni akusonyeza kuti ulipo.

Mu Epulo, mvula italeka, mzunguyo anaganiza zopita yekha. Ananditenga, chingwe m'chiuno. Ndinakondwa, ine wopusa ine! Ndinati maso ake akaona yekha, nkhani yatha. Tinayenda masiku anayi, tinakwera kaphiri kaja, tinatsikira kuseri. Kunali mitengo ya masuku, udzu wofika m'khosi, ndi chulu. Amesenjala anamwazikana m'tchiremo, ndipo patapita nthawi mmodzi anabwera ndi phale la mbiya yakale. Wina anapeza phulusa pamene alenje anasonkhapo moto. Mzungu analitembenuza phalelo m'manja mwake, n'kundiyang'ana.

"Ndiye ukuti kunalibe anthu?"

Ndinati m'dziko lathu lino mukakumba paliponse mupeza phale. Iye analikulunga m'kampango n'kuliika m'thumba.

Chimene chinatsatira sindinachiyembekezere. Anati popeza amuna a ku Kulibe athawa, mudzi woyandikana nawo ndiwo upereke amuna m'malo mwawo. Mudzi woyandikanawo unali kamudzi ka nyumba zowerengeka, ndipo unali utapereka kale ake. Anagwira amuna asanu ndi mmodzi amene anawapeza. Mmodzi wa iwo anali bambo wa njuchi uja. Imvi zinali zitayamba, koma ndinamuzindikira, ndipo anamumanga pachingwe chimodzi ndi ine, iye patsogolo. Panjira ndinamufotokozera chifukwa chake amugwira. Ali chiyendere, anati:

"Nanga ine ndinalakwa pati? Anandifunsa, ndinayankha."

Ndinati sanalakwe.

"Inuyo munalipo?"

Ndinati ndinalipo.

Sanatembenuke, ndipo sanandiyankhulenso mpaka ku boma. Atagona masiku awiri anawatumiza kumpoto ndi katundu pamutu. Ndakhala ndikufunsa anthu a ku Vubwi zaka zonsezi, koma sindinamve kuti anabwerako.

Nditabwerera m'ndende kalaliki uja anandipeza ndikutchetcha kuseri kwa ofesi. Anaima ngati akuyang'ana ntchito yanga, n'kuyankhula chapansipansi.

"Achimwene, buku silingagonje. Likagonja ndiye kuti mapu alakwa, likulu lalakwa, ndipo bwanayu wakwapula anthu pachabe. Ingonenani kuti mudziwo unalipo, anthu anawolokera kwa Apwitikizi inu musanadziwe. Kumeneko sangawatsatire. Simupweteka munthu, chifukwa anthuwo kulibe."

Ndinakana. Zaka zisanu ndi zitatu ndinali nditaphunzitsa ana lamulo lija loletsa umboni wonama, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaimirira kutsogolo kwa mpingo. Ndinalibe ng'ombe, ndinalibe munda wangawanga, pachikamwini ngakhale nyumba si yako. Chimene ndinali nacho ndi chakuti ndikanena chinthu anthu ankati ndi momwemo. Ndinali nditakhala chete kamodzi, ndipo ndinaona kumene kunafikitsa bambo wa njuchi. Tsopano ankafuna kuti ndilumbire, dzanja pa Buku Lopatulika. Ndinati ayi, zimenezo ndiye ayi.

Mwana anabadwa mu Meyi. Anali wamkazi. Uthenga unandipeza mu Juni, ndipo unabwera pamodzi ndi uthenga wachiwiri, wa maliro ake. Sindinamuone.

Mu Ogasiti mkazi wanga anabwera ndi atsibweni ake, ulendo wa masiku atatu wapansi. Anatilola kuyankhulana pampanda, msilikali ali pomwepo. Anali ataonda mpaka ndinayamba ndayang'ana nsalu yake kuti nditsimikize kuti ndi iye. Sanalire. Anandiuza kuti sukulu anaikamo mphunzitsi wina, ndiponso kuti akuluakulu a kwawo ayamba kufunsa ngati ali pabanja kapena ayi. Ndinayamba kumufotokozera za umboni, za mpingo, za ana amene ndinawaphunzitsa. Anandidula.

"Bambo, ine ndinaika mwana ndekha. Anthu a mudzi wanuwo kulibe, koma ine ndilipo. Apatseni mudzi wawowo mubwere kunyumba."

Msilikali uja anayang'ana kumbali. Atsibweni anangoti, "Mwamva, akamwini."

Ndinapirirabe masabata ena asanu ndi limodzi. Sindikudziwa ngati kunali kulimba mtima kapena kuuma mutu chabe. Ndinkapemphera kuti pachitike chinachake, kuti kubwere mzungu wina wodziwa chinenero, kuti kabuku ka m'thumba kaja kapezeke, kuti bwanayu asamutsidwe. Palibe chinachitika. Lolemba linkafika, funso linkafunsidwa, ndipo ndowa zinkadikira m'mawa.

Lolemba loyamba la mwezi wa Okutobala ndinauza kalaliki kuti alembe. Analemba m'Chingerezi, n'kundiwerengera. Pepalalo linati ine ndinafika ku Kulibe pamodzi ndi mzungu wa mapu, ndinaona nyumba ndi nkhokwe, ndipo ndamva kuti anthu ake anawoloka malire nkhondo itangoyamba. Mzungu anafunsa ngati mudziwo unali ndi chitsime kapena ankatunga kumtsinje. Ndinati kumtsinje. Anafunsa zimene ankalima. Ndinati mapira ndi mtedza. Mawu ankangotuluka okha, ndipo ndinachita mantha kuona mmene zinalili zosavuta. Ndinaika dzanja pa Buku Lopatulika, ndinalumbira, ndinasaina.

Mzungu anapuma mpweya wautali ngati munthu watula mtolo. Sanaoneke wokondwa, anangooneka wopepukidwa. Anati, "Ukananena izi mu Malichi, bwenzi tonse titapumula." Anauza mesenjala wamkulu uja kuti mzere wake ubwezedwa. Dzuwa lisanapendeke ndinali kunja kwa mpanda, kansalu ka mkazi wanga kaja kali m'manja. Zoona zinandisunga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo bodza linanditulutsa tsiku lomwelo.

Msilikali wa pachitseko anandiperekeza mpaka pamsewu. "Mwaona, aphunzitsi," anatero, "mudzi wapezeka." Kenako anandigwira dzanja, n'kuti, "Pepani."

Ndinafika kunyumba Lachinayi. Mkazi wanga anandionetsa pamene anaika mwana. Mpingo unandilandira bwino, ndipo chaka chotsatira anandibwezera sukulu. Palibe anandifunsa kuti ndinatuluka bwanji, ndipo nane sindinanene. Koma tikafika pa lamulo lija pophunzitsa, ndinkauza ana kuti awerenge okha pa bolodi, ine n'kutuluka panja ngati ndikukaona nyengo.

Anthu amati ndinamasulidwa, ndipo ndi zoona. Ndimadzuka nthawi imene ndafuna, ndimalima, tili ndi ana atatu amoyo, ndipo palibe amandiitana Lolemba. Sindinganyoze zimenezi, chifukwa ndikudziwa kulemera kwa ndowa. Koma ufulu umene ndinali nawo kale, wonena chimene ndinaona n'kumvedwa, sanandibwezere pampanda paja. Kunena zoona anandilola Lolemba lililonse, kungoti sizinkalowa m'buku. Zimene zinalowa ndi zimene ndinanama. N'chifukwa chake ndikulemba izi m'chinenero chathu, kuti wina wodzawerenga adzamve mawu amodziwo mmene bambo wa njuchi anawanenera. Sindikuyembekeza kuti zidzafika kutsidya kwa nyanja.

Chaka chathachi, patatha zaka zisanu ndi zinayi chitulukireni, ndinapita ku msonkhano wa aphunzitsi kumishoni. Kunali mbusa watsopano, munthu wachifundo, amene akuphunzira chinenero chathu mwakhama. Anandiitanira m'chipinda chake cha mabuku, nkhope ili mwee. Anati buku lija alisindikizanso, ndipo ine ndatchulidwamo kawiri. Anatsegula n'kundipatsa.

Ndinawerenga. Kulibe, mudzi umene unali waukulu, pafupi ndi malire. Anthu ake ankalima mapira ndi mtedza, ndipo ankatunga madzi kumtsinje. Anausiya nthawi ya nkhondo. Zotsalira zake anaziona mkulu wa boma, ndipo mphunzitsi amene anafikako anachitira umboni molumbira.

Mbusayo anati akulemba kabuku ka ana asukulu konena za dera lathu, ndipo akufuna kutenga zimenezi m'bukumo. Koma popeza mboni ili pomwepo, anati ndi bwino kuyamba wafunsa. Anatenga pensulo. Ndinayang'ana pensuloyo, ndipo msana wanga unakumbukira bwalo la ku boma. Anasanja mawu ake pang'onopang'ono, monyadira, m'chinenero chathu.

"Aphunzitsi, kuseri kwa phiri, mudzi. Kulibe?"

Ndinati, "Inde, bwana. Kulibe."

Anandithokoza, n'kulemba.